Kodi dambo la Chilwa limaitanadi mvula? Umu ndi momwe mungafufuzire pa kompyuta

Kuno ku Zomba nkhani yoti madambo amakoka mvula si yachilendo, mukacheza ndi alimi a mpunga ku Likangala kapena ku Domasi ambiri akuuzani kuti nyanja ikaphwa mvulanso imathawa, ena amati ndi njedza zija zimaitana mitambo. Funso limeneli ndi lalikulu ndithu, ndipo lili ndi njira yake yoliyankhira, osati kungotsutsana pansi pa mtengo. Ndalemba izi makamaka kwa inu ophunzira amene mukusaka mutu wa pulojekiti ku UNIMA kapena kwina kulikonse, komanso aliyense amene ali ndi laputopu, kabandulo ndi mtima wofuna kudziwa. Ndinenetu poyamba maganizo anga: dambo lalikulu limasintha kwambiri kutentha ndi chinyezi cha malo oyandikana nalo, limathanso kusuntha pomwe mvula ya mabingu imayambira, koma si ndilo limapanga mvula ya chigawo chonse. Ntchito yanu ndi kuyesa ngati zili choncho pa Chilwa.

Yambani ndi kuchepetsa funso. Mukangoti "kodi Chilwa imakhudza nyengo" simumaliza olo mutapatsidwa zaka zisanu. Funsani chonchi: madzi ndi njedza zitachoka pa Chilwa, masana a mu Okotobala angatenthe bwanji ku Kachulu, ku Jali ndi ku tauni ya Zomba? Kapena: mvula ya mabingu ya mu Novembala ndi Disembala imayambira pamwamba pa dambo kapena m'mphepete mwake? Mwezi, nthawi ya tsiku ndi malo zitchulidwe mu funso momwemo.

Kenako mumvetse chimene dambo limachita ndi dzuwa, chifukwa mukapanda kumvetsa apa zotuluka mu kompyuta zidzangokhala mapu okongola opanda tanthauzo. Dzuwa likawomba pa nthaka youma, mphamvu yake yambiri imapita kotenthetsa dothi ndi mpweya. Likawomba pa madzi kapena pa njedza zomwe mizu yake ili m'madzi, mphamvu yambiri imathera kosandutsa madzi kukhala nthunzi, ndipo ntchito imeneyo imadya mphamvu yochuluka zedi, lita imodzi yokha imafuna ma megajoule pafupifupi 2.45. Ndi zomwe zimachitika pa mtsuko wadothi, madzi amakhala ozizira chifukwa ena akutuluka pang'onopang'ono m'mbali nkumauma. Ndiye masana pamwamba pa dambo mpweya umakhala wozizirirapo komanso wachinyezi, pomwe usiku zimatembenuka, madzi amasunga kutentha ndiye pa dambo sipazizira msanga ngati kumtunda.

Apa pali chinthu chomwe ambiri sachiyembekezera. Kuti mtambo wa mabingu upangike pamafunika mpweya wotentha wokwera m'mwamba mwamphamvu. Pamwamba pa dambo chinyezi chilipo chambiri koma mpweya wake ndi wozizira, sukwera msanga. Kumtunda kouma mpweya ukukwera koma chinyezi ndi chochepa. Masana kamphepo kamachoka pa dambo kulowera kumtunda, ndipo pomwe kamphepo ka chinyezi aka kakumana ndi mpweya wotentha kapena ndi mphepo yaikulu ya tsikulo, mpomwe mitambo imakonda kuyambira. Izi zinaoneka bwino pa dambo lalikulu la mtsinje wa Niger ku Mali, komwe Christopher Taylor anaunika zithunzi za satelayiti za zaka zambiri nkupeza kuti masana mitambo imachepa pamwamba pa dambo penipeni koma mvula za mabingu zimayamba kwambiri cha m'mbali mwake. Sungani zimenezi m'mutu chifukwa ndi zomwe mukasake pa Chilwa.

Musanakhudze modelo (pulogalamu ya pa kompyuta yoyerekeza nyengo), onani kaye zomwe zinachitikadi

Mwayi wathu ndi woti Chilwa ndi nyanja yosazama, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, imalandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani koma madzi ake amachoka ngati nthunzi basi, ndiye imakula nkuchepa zaka ndi zaka. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'aluka, mabwato ali gwaa pa Kachulu. Ndiye muli ndi zaka za madzi ambiri ndi zaka zopanda madzi zoti mufananize.

Tsegulani akaunti ya Google Earth Engine, kwa ophunzira ndi ofufuza ndi yaulere ndipo kuwerengera kumachitikira komweko, simukoka mafayilo akuluakulu, bandulo yanu ipumako. Mmenemo muli zithunzi za masatelayiti a Landsat zokuonetsani pomwe madzi anafika chaka chilichonse kuyambira cha m'ma 1984, muli MODIS, chida cha pa satelayiti chomwe chimapereka kutentha kwa pamwamba pa nthaka masana ndi usiku kuyambira 2000 pa kilomita imodzi iliyonse, muli CHIRPS, manambala a mvula kuyambira 1981 pa mabokosi a makilomita pafupifupi 5. Jambulani mzere kuchokera ku Chinamwali kudutsa Kachulu, chilumba cha Chisi, mpaka kutsidya ku malire a Mozambique, ndiye muone kutentha kwa masana a Okotobala motsatira mzere umenewo, chaka cha madzi ambiri ndi chaka cha 2018. Dziwani kuti MODIS imayeza kutentha kwa nthaka yeniyeniyo osati kwa mpweya umene timayeza pa siteshoni, ndiye manambala ake amakhala okwera, musawasakanize. Pa mvula, CHIRPS imapereka ya tsiku lonse, ngati mukufuna kudziwa ola lomwe mvula yayamba mutenge IMERG yomwe imabwera theka la ola lililonse.

Koma apa pali msampha waukulu, ndipo ambiri amagweramo. Mupeza kuti zaka zomwe nyanja inaphwa mvula inali yochepa, nkuthamangira kulemba kuti kuphwa kwa nyanja kunathamangitsa mvula. Ayi. Nyanja inaphwa chifukwa mvula inachepa kaye zaka zingapo zotsatizana. Chinayamba ndi chiti, manambala okha sangakuuzeni. Ndi chifukwa chake timapita ku modelo, chifukwa mu kompyuta mutha kuchotsa dambo koma nkusiya mphepo, nyanja ya Indian, El Niño ndi zina zonse momwe zinalili.

Kusankha modelo

Modelo ya zanyengo imadula dziko m'mabokosi, bokosi lililonse limakhala ndi nambala imodzi ya kutentha, imodzi ya chinyezi, imodzi ya mphepo, ndipo kompyuta imawerengera momwe zikusinthira mphindi ndi mphindi. Kukula kwa bokosi ndi nkhani yonse. Chilwa ndi madambo ake ndi makilomita pafupifupi 60 m'litali ndi 40 m'lifupi. Ma modelo a dziko lonse ambiri mabokosi ake ndi a makilomita 100 kapena kuposa, Chilwa simuiona nkomwe. Ma modelo a chigawo cha Africa a mu pulojekiti yotchedwa CORDEX mabokosi ake ndi a makilomita 50 kapena 25, ndiye dambo lonse lingokhala bokosi limodzi kapena angapo, phiri la Zomba nkukhala kachulu chabe. Zimenezo sizingayankhe funso lathu.

Ine ndingakulangizeni WRF, ndi yaulere, imachokera ku NCAR ku America ndipo anthu ambiri amaigwiritsa ntchito ndiye mukakanirira thandizo silisowa. Palinso RegCM ya ku ICTP ku Trieste, Italy, yomwe ofufuza ambiri a mu Africa anaphunzira, nayonso ndi yabwino. Mu WRF mumaika mabokosi mkati mwa mabokosi: lakunja la makilomita 27 lotenga Malawi, Mozambique ndi mbali ya nyanja ya Indian, lapakati la makilomita 9, lamkati la makilomita 3 lotenga Chilwa, Chiuta, phiri la Zomba, Chikala ndi Mulanje. Mapiriwa musawasiye kunja olo pang'ono. Nyanja ili pa mamita 600 ndi kanthu kuchokera pa nyanja yamchere, phiri la Zomba likupitirira mamita 2,000, Sapitwa ali pa 3,002, ndipo mapiri amapanga mphepo zawozawo masana ndi usiku zomwe zimalimbana ndi kamphepo ka dambo. Mukadula Mulanje pakati ndi malire a bokosi mudzapeza mvula yabodza pamenepo.

Pa makilomita 3 mutha kuzimitsa cumulus scheme, gawo lomwe limangoyerekeza mitambo yochepera bokosi, kuti modelo ipange yokha mitambo ya mabingu, ndipo zimenezi zimathandiza kwambiri pa nthawi yomwe mvula imayamba, chifukwa ma modelo a mabokosi akuluakulu amakonda kugwetsa mvula molawirira, cha m'ma 12 koloko, pomwe ife timadziwa kuti imabwera chakumadzulo. Mphepo ndi chinyezi zolowa m'malire a bokosi lakunja mutenga ku ERA5, nkhokwe ya manambala a nyengo ya m'mbuyo ya dziko lonse yopangidwa ndi ECMWF, bungwe la zanyengo la ku Ulaya, yaulere pa Copernicus Climate Data Store, mungolembetsa. Kokani dera lanu lokha ndi miyezi yanu yokha, mafayilo ake ndi olemera.

Za makina ndisakunamizeni. Laputopu ikhoza kuyendetsa masiku ochepa kuti muphunzire, koma dzinja lonse pa makilomita 3 pafunika seva, ndiye kambiranani ndi asupavaiza anu msanga. Muikenso kuti modelo izilemba ma restart file pafupipafupi, magetsi akazima muyambira pomwe munalekezera osati pachiyambi.

Onetsetsani kuti modelo ikuiona Chilwa momwe ilili

Apa ndikhalitsapo chifukwa mpomwe ntchito zambiri zimafera mwakachetechete. Modelo imabwera ndi mapu ake a nthaka opangidwa kunja, ndipo amene anawapanga sanakwerepo bwato pa Kachulu. Mukamaliza geogrid, pulogalamu yokonzera WRF mapu a nthaka, tsegulani fayilo yomwe yatulutsa ya geo_em muone LU_INDEX, nambala yosonyeza zomwe zili pa nthaka, bokosi ndi bokosi. Pa mapu a MODIS a mu WRF, 11 ndi dambo, 12 ndi minda, 17 ndi madzi, 21 ndi nyanja za kumtunda. Mutha kupeza kuti njedza zonse za kumpoto kwa nyanja zalembedwa ngati udzu wamba kapena minda, kapena nyanja yonse yalembedwa madzi oyera pomwe pafupifupi theka lake ndi njedza ndi mabango. Konzani ndi manja pogwiritsa ntchito zithunzi za Landsat za chaka chomwe mukuyendetsacho, QGIS ndi Python pang'ono zikwanira.

Chachiwiri ndi kuya kwa madzi. Mukayatsa lake model ya WRF, pomwe sikudziwa kuya imaika mamita 50. Chilwa malo ambiri munthu amapalasa ndi mponda, mamita awiri kapena atatu basi. Madzi a mamita 50 satentha msanga ndipo sazizira msanga, ndiye mudzakhala mukuyesa nyanja ina osati yathuyi. Ikani kuya kwenikweni. Onaninso kutentha kwa madzi komwe modelo yayambira nako, nthawi zina pa nyanja zazing'ono imatenga nambala kuchokera ku madzi akutali zomwe sizigwirizana ndi pano.

Chachitatu, ndipo ichi nchobisika kwambiri: kulemba bokosi kuti "dambo" sikutanthauza kuti mukhala madzi. Mu ma land scheme ambiri, kutanthauza gawo la modelo lowerengera za nthaka, dothi la bokosi limenelo limauma ngati la m'munda wa chimanga mvula ikasiya, chifukwa modelo siidziwa kuti Likangala ndi Domasi akuthiramo madzi ochokera kuphiri. Pofika Seputembala dambo lanu lauma lokha mu kompyuta, ndiye mukafananiza ndi loumitsa dala mupeza palibe kusiyana nkulemba kuti dambo lilibe ntchito. Muyenera kukakamiza kuti chinyontho cha dothi m'mabokosi amenewo chikhale chodzadza nthawi yonse. Jambulani latent heat flux, mphamvu ija yothera kosandutsa madzi kukhala nthunzi, ya pa dambo mwezi ndi mwezi, ngati yagwa pansi m'chilimwe ndiye kuti pali vuto.

Kuyendetsa: kawiri, kusintha chinthu chimodzi

Ulendo woyamba ndi Chilwa momwe ilili. Wachiwiri zonse chimodzimodzi, ERA5 yomweyo, masiku omwewo, ma scheme omwewo, koma madzi ndi njedza mwasandutsa nthaka youma ya udzu kapena minda. Kusiyana kwa maulendo awiriwa ndiye ntchito ya dambo. Mukasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi simudziwa chapangitsa ndi chiti. Masabata oyambirira muwataye, dothi limatenga nthawi kuti likhazikike mu modelo.

Ulendo umodzi mbali iliyonse sukwanira pa nkhani ya mvula. Mlengalenga ndi mosakhazikika, mukangosintha kanthu kakang'ono mtambo umene unagwa ku Songani ukagwera ku Mayaka, ndiye mapu a kusiyana amaoneka madontho ofiira ndi obiriwira paliponse mpaka ku Tete, ndipo munthu wosazolowera amayamba kufotokoza dontho lililonse. Ambiri mwa madonthowo ndi phokoso chabe. Yendetsani mbali iliyonse kasanu kapena kakhumi, kuyambira masiku osiyana pang'ono, mutenge avereji, ndipo mukhulupirire kusiyana kokhako komwe kukuposa kusiyana kwa maulendo a mbali imodzi okhaokha. Ngati seva ikulola tengani nyengo ziwiri, ya El Niño ngati 2015/16 ndi ina ya mvula yabwino. Masiku a namondwe ngati Freddy wa mu Malichi 2023 muwapatule, mvula ija inachokera ku nyanja ya Indian, dambo linalibe nayo mawu, ndipo ikalowa mu avereji imaphimba zonse.

Musanakhulupirire kusiyana kulikonse, ulendo woyamba uja uyesedwe ndi zoyezedwa pansi. Lemberani a Department of Climate Change and Meteorological Services kupempha manambala a masiteshoni a kuno ngati Makoka ndi Chancellor College. Ngati modelo ikulephera kuonetsa kuti kuphiri kumagwa mvula yambiri kuposa kuchigwa cha kunyanja, kapena kuti Juni ndi Julaye kumabwera chiperoni, ikonzeni kaye. Masiteshoni ambiri ali kumtunda, ndiye ngati mungathe ikani zoyezera mvula zotchipa pa sukulu za kufupi ndi nyanja, ndipo mukacheze ndi asodzi okhala m'zimbowera, amenewa amagona pa madzi pomwepo, akuuzani nthawi yomwe mphepo imatembenuka masana ndi mbali yomwe mitambo imayambira. Zimenezo muziyerekeze ndi mphepo za mu modelo ola ndi ola.

Zomwe mungayembekezere

Kuyesa kotereku kunachitikapo pa Sudd ku South Sudan, dambo lalikulu kuposa Chilwa kutalitali, lomwe limamwa pafupifupi theka la madzi a White Nile. Kumeneko nkhaniyi si ya m'kalasi yokha, ngalande ya Jonglei inayamba kukumbidwa mu 1978 kuti madzi azilambalala dambo afike ku Sudan ndi Egypt, inaima ndi nkhondo isanathe, ndipo anthu ankaopa kuti dambo likauma mvula ya chigawo chonse ichepa. Mu 2005 Yasir Mohamed ndi anzake anaumitsa Sudd yonse mu modelo yotchedwa RACMO. Anapeza kuti mvula ya chigawo sinasinthe kwenikweni, koma pa dambo pomwepo m'chilimwe kutentha kunakwera ndi madigiri 4 mpaka 6 ndipo chinyezi cha mumpweya chinatsika ndi maperesenti 30 mpaka 40. Dziwaninso kuti mabokosi awo anali akuluakulu, a makilomita pafupifupi 50, ndiye kamphepo ka m'mphepete mwa dambo sakanakaona bwino, apa mpomwe inu ndi makilomita 3 anu mungaonjezere kanthu.

Chifukwa chake mvula ya chigawo siisintha kwambiri mutha kuchiwerengera papepala. Tiyerekeze malo a madzi ndi njedza okwana masikweya kilomita 1,000 akutaya mamilimita 5 patsiku. Ndi malita 5 biliyoni tsiku lililonse, zambiri ndithu. Koma muwamwaze pa Malawi yense, masikweya kilomita 118,000, sakwana ndi theka la theka la milimita, ndi 0.04 chabe. Komanso nthunzi imakhala m'mlengalenga masiku 8 mpaka 10 isanagwe, pomwe mphepo ya mamita 5 pa sekondi imayenda makilomita oposa 400 patsiku, ndiye nthunzi ya pa Chilwa yambiri ikagwera kutali. Mvula yathu ya dzinja imabwera ndi mpweya wochokera ku nyanja ya Indian ndi ku Congo, ITCZ, lamba wa mvula pomwe mphepo za kumpoto ndi za kumwera zimakumana, ikatsikira kuno.

Ndiye pofufuza zotsatira musangoyang'ana mvula ya nyengo yonse pa chigawo chonse nkunena kuti palibe kanthu. Yang'anani pafupi, makilomita 10, 20, 30 kuchokera m'mphepete mwa dambo. Yang'anani kutentha kwa 2 koloko masana padera, kwa m'bandakucha padera, chifukwa mukatenga avereji ya tsiku ziwirizi zimafafanizana. Yang'anani Okotobala ndi Novembala, nthawi ya chizimalupsa, pomwe kumtunda kwaumiratu koma dambo likadali lonyowa, kusiyana kumakhala kwakukulu nthawi imeneyo kuposa mu Febuluwale pomwe paliponse panyowa. Ndipo mupatule masiku malinga ndi mphepo, a mwera paokha, a mpoto paokha, a vuma paokha, chifukwa mbali yomwe mitambo iyambire imadalira komwe mphepo yaikulu ikuchokera.

Polemba lipoti munene zomwe mwapeza basi. Ndikudziwa kuti timalikonda dambo ili, ndi malo oyamba m'Malawi muno kulowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, UNESCO inalizindikira mu 2006, matemba, makumba ndi milamba zadyetsa mabanja osawerengeka, mpunga, mbalame, njedza za mikeka, ndiye mtima umafuna kulemba kuti likatha mvula yonse itha kuti anthu achite mantha alisamale. Musatero chonde. Tsiku lina wina adzawerengera nkupeza kuti munakokomeza, ndipo adzataya ndi zoona zomwe. Madigiri angapo oonjezera pa masana a Okotobala kwa mayi amene akuthirira dimba ku Mposa kapena mwana ali m'kalasi ya malata ku Kachulu ndi nkhani yokwanira payokha.

Ngati nthawi ya seva yatsalako, yendetsani ulendo wachitatu umene uli pafupi ndi zomwe zikuchitikadi: nyanja isiyeni, koma njedza za m'mphepete muzisandutse minda ya mpunga yonyowa kuyambira Januwale mpaka Meyi nkuuma chilimwe chonse, ndiye mufananize Okotobala wake ndi wa ulendo woyamba uja.